Mwala Umene Ndinabweza

Pa mapu ndi kadontho chabe,
ngati pamene cholembera chinapumira.
Dzina chilibe. Maritza amachitchula ndi nambala,
ine ndimangoti kwa eniake.

Masiku anayi kuchokera ku Punta Arenas
sitima ikutigwedeza matumbo,
kenako kaboti kanga ka labala,
mafunde akukawomba mbama uku ndi uku.
Chilumbachi chimayamba kufika m'mphuno
maso asanachione:
fungo la zitosi zofiirira
likuboola chifunga.
Kenako phokoso,
ngati zitseko zikwi zadzimbiri
zikutsegulidwa nthawi imodzi.

Palibe mtengo. Palibe utsi.
Palibe manda a munthu.
Mwala wakuda, madzi oundana, ndi iwowo, apengwini,
ali njo! pamtunda ndi zifuwa zoyera,
kutiyang'ana ngati tabwera kudzakongola.

Ntchito yanga n'kugwira chingwe.
Ya Maritza Oyarzún n'kuwerenga zisa.
Amayenda mowerama, kachitsulo kali m'manja,
khethe, khethe, khethe,
chisa chilichonse kudina kamodzi.
Chaka choyamba chala chake chinachita thuza.
Chaka chino, chachisanu ndi chinayi,
wamaliza khofi asanazizire m'botolo.
Sananene kanthu.
Wangolemba, n'kutseka kabuku,
n'kukatsegulanso ngati nambala ingasinthe maganizo.

Kuno chuma ndi miyala.
Yamphongo imatola kamwala ndi mlomo,
n'kuyenda tang'atang'a kukatula pamapazi a mkazi wake.
Ikatembenuka, mnansi waba.
Nayo imakaba kwa wina.
Ndinaona kamwala kamodzi
kakusintha nyumba kasanu dzuwa lisanasunthe,
ndipo dzuwa la kuno silifulumira,
limangozungulira m'mphepete mwa thambo
ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Ndiye nane ndinatola.
Kosalala, kotuwa, ka mzere woyera pakati.
Ndinati nkapatse Amparo, mdzukulu wanga,
amene amakhulupirira kuti ndimagwira ntchito kumapeto a dziko.
Ndinakaponya m'thumba la jekete.

Masana kunagwa mvula.
Mvula, osati chipale.
Maritza anayang'ana kumwamba ngati watukwanidwa.
Madzi anatsika m'tinjira ta zitosi
n'kulowa m'zisa za m'munsi.
Anapiye a nthenga zamanyunyu ananyowa chonchobe,
akunjenjemera pansi pa mimba za amawo.
Dzira lina linayandama pang'ono, n'kuima.
Kholo lake linakhalabe pomwepo,
likufungatira madzi.
Pamwamba mbalame yakuba ija, sikuwa,
inkazungulira mosapupuluma.
Inkadziwa kuti chakudya chapsa.

Anandiitana ndi dzanja.
"Eleuterio, taona."
Zisa ziwiri zoyandikana.
China chamira.
China chauma, mwana ali phee m'kati.
Kusiyana kwake,
anayeza ndi zala ziwiri zovala magolovesi,
mzere umodzi wa miyala.

Thumba langa linalemera.
Sindinamuuze.
Ndinapita kuseri kwa thanthwe ngati ndikukataya madzi,
n'kukaika pansi, pamalo oonekera.

Sipanathe mphindi.
Inabwera ina yoonda, yothimbirira pachifuwa,
inakayang'ana ndi diso lakumanzere,
kenako lakumanja,
n'kukatola.
Sinathokoze. Ithokozerenji?
Wakuba akabweza mbuzi saombedwa m'manja.
Ndinaitsatira ndi maso mpaka inasowa
m'khamu la misana yakuda.

Pobwerera injini inavuta kawiri.
Maritza anakhala kutsogolo, kabuku kali m'malaya,
pafupi ndi khungu, kuti kasanyowe.
Chilumba chinayamba kuchoka m'maso,
kenako m'makutu.
M'mphuno chinakana.
Fungo lake lili m'jekete mpaka lero.

Amparo anandichingamira padoko.
Anapisa m'thumba lakumanja, lakumanzere,
napeza chingwe chachifupi ndi shuga wonyowa.
"Agogo, simunanditengere kanthu?"
Ndinati kumeneko kulibe sitolo, mwanawe,
ndipo zonse zimene ziliko
zili ndi eniake.

Ananunkhiza jekete, nakwinya mphuno.
Kenako ananunkhizanso.